Njati ndi Ukwati wa Tadala

Lolemba, 14 Ogasiti

Loweruka ndi ukwati wa Tadala, mwana wanga woyamba. Ndamulonjeza pamaso pa anthu kuti ku tchalitchi ku Ludzi apita pa galimoto, osati pa ngolo ngati mmene anapitira amake. Galimoto ilipo: Njati, chigalimoto cha m'tchire chimene ndinagula nditagulitsa fodya chaka chatha. Pa zaka, mkwatibwiyo ndi mwana kwa icho.

Matenda a Njati ndi awiri basi:
- kuti ilire, mpaka muikankhe
- ikalira, rediyeta imadontha, madzi n'kuwira tisanawoloke dambo

Zazing'ono izi! Amake Tadala akuti, "Itanani makanika." Makanika wa chiyani? Manja ndili nawo, komanso ndi kale ndinayamba kufuna kuona kumene moto wa m'mapulagi umachokera.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Ndatsegula disitibyuta, kamphika kogawa moto ku mapulagi. Koma abale! Mkatimo muli tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka ngati kamwa ya mwanapiye. Ndiye mapointi amene anthu amanena aja. Mmawa wonse ndangokhalira kutiseweretsa.

Mawaya anayi a mapulagi ndazula onse, ndapukuta ndi palafini. Akuwala bwanji! Koma uti unali pati? Onse akuda, onse ofanana.

Tadala wabwera ndi diresi kuti ndilione. Ndayankha ndili kunsi kwa galimoto kuti ndi lokongola. Ndaona mpendero wokha.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Pa njinga mpaka ku boda, kukafunsa madalaivala a mathiraki. A Zimba a ku Chipata andiseka mpaka kugwira tayala. "Mudala, mapointi ni vakudala ivo!" Ndiye kuti ndi zachikale. Andigulitsa kabokosi kolowa m'malo mwa mapointi, akuti moto wake sukhala ndi mmawa kapena madzulo. Ndikakagwedeza sikalira kanthu. Mulinso chiyani mmenemu?

Za rediyeta akuti nditsine fodya pang'ono, ndiponyemo, atseka yekha pobowoka. Mnzawo akuti ayi, dzira laliwisi ndiye dokotala. Njira yonse ndabwera ndikudzifunsa: fodyayo amadziwa bwanji pamene pali bowo?

Lachinayi, 17 Ogasiti

Kabokosi ndamanga. Kali ndi waya wofiira ndi wakuda, ndipo ndalumikiza mmene mtima wandiuzira.

Tsopano fodya. "Pang'ono" ndi mawu a anthu ogula fodya. Ine ndimalima! Pa ukwati wa mwana wanga ndithire zinyenyeswa? Ndasankha ndindi yathunthu ya masamba apamwamba, amene ndinasungira alendo, ndafikisa bwinobwino, yonse mu rediyeta. Pamwamba pake mazira awiri, kuti madalaivala onse awiri asadandaule.

Ku khitchini amake akufunsa ana kuti mazira a keke apita kuti. Ine ndalowanso kunsi kwa galimoto.

Tadala wandiitana kuti tidyere pamodzi. Ndati ndikubwera. Pomwe ndimasamba m'manja n'kuti atachotsa kale mbale.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Kiyi koyamba: phuu! ngati mfuti. Nkhuku balalabalala, azimayi ophika thobwa kukuwa. Mawaya aja. Ndasinthanitsa, ndasinthanitsanso, kenaka Njati yalira yokha, popanda woikankha! Pansi pa rediyeta gwaa, ngakhale dontho. Ndavina pabwalo ndi sipanala m'manja.

Kukayesa msewu. Fungo ngati m'chigafa. Kamuvi ka kutentha kakukwera, ine ndikukayang'ana mwachidwi kuti kodi kalekera pati. Pa dambo paipi yaphulika, msuzi wakuda thoo pa galasi.

Yankho la funso langa ndalipeza: fodya sadziwa pamene pali bowo. Amangotseka paliponse. Timipaipi tonse ta rediyeta tadzaza phala la fodya ndi dzira lophika.

Zina zimene ndaphunzira lero:
- kabokosi kakapsa kamanunkha ngati tsitsi
- mkati mwake mulibe choona, phula lokhalokha
- mapointi akale sabwereramo, kasipuling'i kake kasowa

Ng'ombe za a Chisale, aneba athu, ndi zimene zatikokera kunyumba. Manyazi andigwira zedi. Tadala sindinamuyang'ane kumaso.

Loweruka, 19 Ogasiti

Mmawa a Chisale afika ndi ngolo, atayalamo mphasa yatsopano. Amake akuti, "Ine ndinakwera ngolo, ndipo ndinafika." Ine mutu pansi.

Tadala watuluka ndi diresi lija, wailambalala ngoloyo, watsegula chitseko cha Njati n'kukhala kutsogolo. "Ababa, munalonjeza galimoto. Za injini simunanene."

Ndiye tamasula ng'ombe ku ngolo, tazimanga ku Njati. Maluwa pa boneti, maluwa pa nyanga. A Chisale kutsogolo ndi chikwapu, ine pa chiwongolero ndi jekete langa. Hutala ikugwira, ndipo Tadala waiimba njira yonse! Midzi yonse yatuluka, ena nthungululu, ena akugwa ndi phwete. Ansembe atidikirira, mkwati thukuta kamukamu.

Ulendo wa ng'ombe ndi wautali. Takamba zambiri, ine ndi mwana wanga. Diresi ndaliona lonse, ndi lokongoladi.

Lamulungu, 20 Ogasiti

Njati ili pansi pa mtengo wa mango, maluwa akufota pa boneti. Nkhuku yaikira pampando wa dalaivala. Amake akuti dzira limenelo ndi lawo, ndisayerekeze.

Makanika abwera Lachiwiri. Ndavomera.

Kasipuling'i kaja ndakapeza m'thumba la malaya. Ndakatembenuza, ndakatembenuza, koma lero sikakundikoka mtima.

M'nyumba muli zii. Tadala wapita kwa amuna ake ku Chiosya. Sabata yake yomaliza pakhomo pano ine ndaithera kunsi kwa galimoto, ndikuona mapazi ake akudutsa. Chikhala kuti injini inalira, tikanafika ku Ludzi tisanalankhulane n'komwe.

Ng'ombe za a Chisale ndazipititsira madeya.