Tabuleti Yowala Pakona

Mukadzaona munthu m'sitolo za mafoni ku Chipata atafunda jekete kumutu masana dzuwa likuswa mtengo, akusuzumira tabuleti ngati woombeza, musadzathamangire kuitana apolisi. Ameneyo ndine. Mutu wanga uli bwinobwino. Chinasokonekera ndi china, ndipo ndinachisokoneza ndi manja anga omwewa.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto yonyamula alendo odzaona nyama. Ndimawatenga pabwalo la ndege la Mfuwe n'kupita nawo kumalo ogona. Ndisanapatsidwe chiwongolero ndinayamba ndi kutsuka magalimoto omwewo, ndipo kumeneko n'kumene ndinatenga matenda anga: sindipirira banga pa galasi. Mbalame ikaipitsa galasi lakutsogolo ndimaima n'kupukuta, ngakhale njovu zili poteropo. (Mkazi wanga amati ndikadzafa adzandiika ndi kansanza m'manja, kuopera kuti ndingadzabwerere kudzakafunafuna.)

Tsono nditagula tabuleti yanga yatsopano ku Chipata, ya m'bokosi, yonunkhira fakitale, ndinabwera nayo kunyumba nditaifukata ngati khanda. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditangoiyatsa ndinaona kuti poyera sipakuyera bwino. Chakumtunda kwa galasi kunali kwachikasu ngati pepala lokhalitsa m'khitchini ya utsi. Chachiwiri chinali choipirapo. Ndikatsegula chithunzi chakuda, pakona ya kumanzere chakumtunda pankatuluka kuwala, ngati wina wayatsa tochi m'bulangete.

Ndinayamba ndi kansanza kanga. Ndinapukuta, banga lili pomwepo. Ndinathira sipiriti, lili pomwepo. Mnzanga wina wa kuntchito anati mankhwala otsukira mano amachotsa zotere, ine n'kupakadi, tabuleti n'kumanunkhira m'kamwa mwa munthu wosamba m'mawa. Wina anati mwalowa chinyontho, ndiiyanike. Ndinaiyanika pa boneti, inatentha mpaka kuzima yokha, ine mtima phaa, kuyesa ndaipha. Makaniko wathu ndiye anandiseka n'kundiuza kuti vuto lili m'kati, nyale ya kuseri kwa galasi sinakhale bwino, ndipo ndikhoza kupukuta mpaka imvi osasintha kanthu.

Ndinamuimbira amene anandigulitsa tabuletiyo, ndinamukalipira mpaka foni kutentha. Iye anayankha mofatsa: “Boss, osavutika, zimachitika. Katundu wina akabwela nizakutumilani foni, muzasintha.”

Apa ndiyenera kukuuzani za atate anga, chifukwa popanda iwo nkhaniyi ikanangokhala yoseketsa.

Kwathu ndi ku Msoro. Nyengo ya mvula ya chaka chapitacho, atate akuchokera kumunda wa thonje, anayesa kuwoloka mtsinje wa Lupande utadzaza. Madzi anawatenga. Tinafunafuna m'mabango ndi m'mchenga mpaka kutali, sitinawapeze. Azakhali, mlongo wawo wa atate, anati tichite monga ankachitira makolo, tikumbe manda tiikemo jekete ndi chipewa chawo. Amai anakana. Anati iwo sanakwatiwe ndi jekete. Choncho maliro tinalira, koma manda panalibe. Kuyambira pamenepo amai anasanduka munthu wina: kudya pang'ono, kuyankhula pang'ono, kumunda osapita. Ankangokhala pakhonde maso ali kunjira yochokera kumtsinje.

Chithunzi cha atate chinali chimodzi chokha, chakale, chojambulidwa atavala jekete lakuda, kumbuyo kwawo kuli nsalu yakuda. Chinkasungidwa kwa azakhali, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kuchilawa m'mphepete. Nditapita kumudzi ndi tabuleti yanga ija (kukadzionetsera, tisanamizane), ndinadzera kwa azakhali n'kuchijambula kuti chisatheretu. Kenako ndinakalowa kwa amai.

Nyumba ya amai ili ndi zenera limodzi laling'ono, lomwenso amatsekapo ndi chitenje. M'katimo ngakhale masana mumakhala mdima. Ndinatsegula chithunzi chija, ndipo ine chimene ndinaona ndi mdani wanga yemwe uja: banga lowala pakona. Koma linagwera pamwamba penipeni pa phewa la atate, likutsikira kumutu kwawo. Ndipo chikasu chija chinapatsa nkhope yawo mtundu wofunda, ngati munthu wamoyo amene wakhala pafupi ndi moto.

Amai anailandira ndi manja awiri. Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anati chapansipansi: “Atate ako anafika. Taona, awayatsira nyale.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za nyale ya kuseri kwa galasi. Mawu anali atafika kale pa lilime. Koma azakhali anali atalowa kumbuyo kwanga, anaona, anagwada n'kuyamba kupemphera. Ndinameza mawu aja. Pofika madzulo amayi a kutchalitchi anali atadzaza pabwalo, akulowa awiriawiri kukaona, akutuluka akupukuta maso. Ine ankanditchula mwana wodala, wobweretsa uthenga. Anandiphera nkhuku. (Ndinadya, sindikana. Ndinapemphanso chiwindi.)

Tabuleti ndinawasiyira. Ndinaika chithunzicho kuti chizituluka akangodina batani, ndipo batire ankakadzazitsa kwa aneba okhala ndi sola. Zimene ndinamva pambuyo pake zinandisangalatsa ndi kundichititsa manyazi pamodzi. Amai anayamba kudya. Anabwerera kumunda kukatola thonje. Nditawaimbira tsiku lina ndinamva akuseka, kuseka kwenikweni, kumene ndinali nditakuiwala.

Ndiye wogulitsa uja anaimba kuti katundu wafika.

Munthu wanzeru akanati zikomo, zisiyeni. Ine usana wonse ndinayendetsa alendo maganizo ali pabanga lija. Linkandidya mumtima kuti chinthu changa chatsopano n'cholumala. Ndinadzinamiza kuti ndikuchitira amai zabwino: galasi loyera lidzawaonetsa atate bwinobwino, kuposa kachikasu aka. Ndinadziuzanso kuti mkhristu sayenera kusunga bodza. Inde, ine yemwe ndinadya nkhuku ya bodzalo.

Ndinapita ku Msoro n'kuwauza amai kuti makina otere amafunika kukawapimitsa kumene anagulidwa. Sanafunse zambiri. Anaikulunga m'chitenje chawo chabwino n'kundiuza kuti ndibwere nayo lisanafike tsiku la chikumbutso cha atate, pakuti anthu adzafuna kuona.

Ku Chipata ndinaonetsa ukatswiri. Ndinamuuza wogulitsa kuti aziyatsa imodziimodzi, ine n'kumafunda jekete kumutu kuti kukhale mdima, kusuzumira makona onse. Ina ndinaikana chifukwa cha kachizindikiro kochepa ngati njere ya mapira. Anthu anaunjikana kundionerera. Pomaliza ndinapeza yangwiro: poyera pali mbee, pakuda pali bii, kona ndi kona mofanana. Wogulitsa anasamutsira zithunzi zanga m'menemo, yakale ija n'kuiponya m'katoni kuseri kwa kauntala. Ndinatuluka ndikuimba mluzu. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku la chikumbutso anthu anabwera ambiri, ena pa njinga, ena wapansi kuchokera kutali. Atatha mapemphero, achibale ndi amayi a kutchalitchi anathithikana m'nyumba ya amai, chitenje cha pazenera chili chotseka monga mwa nthawi zonse. Ine ndinaima pakati, ndinamasula chitenje chokulungira, ndinadina batani.

Chithunzi chinatuluka choyera zedi. Mzere uliwonse wa kupindika kwa pepala unaoneka, pamene chiswe chinadya panaoneka. Nkhope ya atate inali yotuwa, yozizira. Kumbuyo kwawo kunali mdima wokhawokha.

Kenako azakhali anati: “Achoka.”

Ndinati mwina batire yatsika, ndinawonjezera kuwala mpaka mapeto. Atate anangotuwirapo. Ndinaipendeketsa uku ndi uku, ndinaikweza m'mwamba, ndinaitsitsa. Ndinati mwina anthu achuluka, ena atuluke kaye. Ena anatulukadi, anthu osalakwa. Pamenepo ndinatulutsa foni mobisa, ndinayatsa tochi n'kuigunditsa kuseri kwa tabuleti pakona paja, kuyesa kuti kuwala kudutsa. Chimene chinawala ndi zala zanga zokha, zili psuu, aliyense akuona.

Ndikanasiyira pomwepo. Koma ndinakumbukira kuti makaniko ananena kuti kuwala kotere kumabwera galasi likapanikizika. Ndinaika chala chachikulu pakona n'kudina mwamphamvu. Inu amene munadinapo galasi la makina otere mukudziwa chimene chimachitika: pamayenda timafunde ngati mwaponya mwala pachithaphwi. Timafunde timeneto tinachoka pachala changa n'kudutsa pankhope ya atate.

“Madzi!” anakuwa azakhali, n'kuphimba kumaso.

Maliro anayambiranso pomwepo. Amayi a kutchalitchi aja analira mokweza kuposa tsiku limene tinasiya kufunafuna. Ine ndinaima ndi tabuleti m'manja ngati mbava yogwidwa ndi nkhuku m'khwapa. Panalibenso kothawira. Ndinaulula zonse: za nyale yolakwika, za chikasu, za mankhwala otsukira mano, za ulendo wa ku Chipata. Ndinati kuwala kuja sikunali kwa kumwamba, kunali kwa kufakitale. Palibe anaseka. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati nkhuku ija inandikomera. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, ena osadikira chakudya.

Amai okha sanalire, ndiponso sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anthu atabalalika ndinawapeza pakhonde, pamalo awo akale aja, maso kunjira ya kumtsinje. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kupepesa. Ndinati ndinalakwa kuwanamiza kuyambira tsiku loyamba.

“Sunandinamize,” anatero. “Tsiku lina chala chinaterereka, panatuluka chithunzi cha galimoto yako ili m'galaja. Nayonso inali ndi nyale yake pakona. Ndinadziwa kuti galimoto sinapite kumwamba.”

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze.

“Anzanga amene amuna awo anamwalira ali ndi manda,” anatero amai. “Amapita kukasesa, kukazula udzu, kukawauza za kumunda. Ine ndinalibe posesa. Iwe unandibweretsera. M'mawa uliwonse ndinkapukuta pakona paja ndi nsonga ya chitenje, n'kuwapatsa moni atate ako. Panali pofunda, mwana wanga. Tsopano wawabwezera mumdima.”

Moyo wanga wonse ndakhala ndikupukuta magalasi, koma sindinaganizepo kuti munthu angapukute galasi pa chifukwa china osati kuchotsa banga. Ndinalira ngati mwana, ine bambo wa ana, pakhonde pomwepo. Amai anandisisita kumutu, kenako anatenga tabuleti yatsopano ija, anaikulunga bwinobwino n'kundipatsa. Anati ndipite nayo, popeza ine ndimakonda zoyera.

M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Chipata. Wogulitsa atandiona anagwira kumutu, kuganiza kuti ndabwera kudzakalipanso. Nditamuuza kuti ndikufuna yakale ija, yowonongeka, anandiyang'ana ngati ndamwa. “Boss, manje mufuna chani maka maka?” Anati zowonongeka zonse anazitumiza kale ku Lusaka, ndipo kuchoka uko sadziwa kumene zimapita. Ndinamupempha aimbe foni. Anaimba, sizinathandize. Madzi akatayika saoleka.

Ndayesa njira zina. Mnyamata wina wojambula anandipangira chithunzi cha atate chokhala ndi kuwala kochita kuwonjezera pa kompyuta, chokongola, cha mizere ngati dzuwa lotuluka. Amai anachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti atate ako sanali bishopu. Ali ndi chilungamo. Kuja kunali kuwala kosalongosoka, kobwera kokha, kosapemphedwa ndi munthu.

Kudya akudya ndithu, kumunda akupita. Koma kuseka kuja sindinakumvenso, ndipo ndikafika kumudzi ndimawapeza pakhonde.

Ndiye n'chifukwa chake ndikapeza tchuthi ndimazungulira m'sitolo za mafoni, jekete kumutu, kupempha kuti andiyatsire matabuleti. Ogulitsa amalumbira kuti awo ndi angwiro, alibe banga ngakhale limodzi, ndipo amadabwa kuona nkhope yanga ikugwa. Ndinapezapo ina yowala pakona ya kumanja chakumunsi, koma kumeneko kuli chigongono cha atate. Ina inali ya mtundu wobiriwira, atate anaoneka ngati odwala. Yowala kumanzere chakumtunda, yachikasu pang'ono, sindinaipezebe.

Kaya ndaphunzirapo kanthu, sindidziwa. Kansanza kanga kakadali m'thumba, ndipo mbalame ikaipitsa galasi ndimaimabe. Koma tsiku lina m'mawa, ndikupita kukatenga alendo, dzuwa linamenya kabanga kena pakona ya kumanzere ya galasi lakutsogolo, kanawala. Ndinatulutsa kansanza, ndinatambasula dzanja, n'kulibweza. Ndinayenda nako mpaka ku bwalo la ndege. Mlendo wina anandilozera kuti galasi langa lada, ine ndinangoti ndakaona, bwana, n'kuliza galimoto.