Mpikisano Umene Ndinakapambanira M'bafa la Apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, pali amayi ena ogulitsa tomato amene akangondiona amaphimba pakamwa ndi nsalu n'kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Ine ndimangowapatsa moni mwaulemu n'kumapita. Asiyeni aseke. Chimene sangakane n'choti tsiku limenelo ndinapambana, anthu a Domasi akuona ndi maso awo. Koma chipambanocho chinakathera pamalo pamene mkamwini sayenera kufikapo ngakhale m'maloto, ndipo nkhani yake ndi imeneyi.

Ntchito yanga ndi yogula mpunga kwa alimi n'kukagulitsa ku Zomba ndi ku Limbe. Koma matenda anga ndi magalimoto othamanga. Ndikagula bandulo, anzanga akamaonera mpira, ine ndimaonera azungu akupikisana m'misewu yawo yokhotakhota ija. Kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuti magalimoto othamanga alipo mitundu iwiri. Pali zigalimoto za ku America, boneti yaitali ngati bedi, injini yaikulu, kulira ngati bingu. Eni ake amazitchula dzina lotanthauza kuti zili ndi minofu, ngati anyamata onyamula zitsulo aja. Ndiye pali timagalimoto ta sipotsi, topepuka, togona pansi ngati buluzi. Msewu ukakhala wowongoka, chaminofu chija chimauluka. Koma pakangobwera kona, kulemera kwake kumachipereka: mutu ukufuna kumanzere, matako akufuna kumanja. Pamene ka sipotsi kamangokhota ngati akamata pansi ndi ulimbo.

Inenso ndili ndi kanga, kofiira, kochokera ku Japan. (Akazi anga, mayi a Halima, amati si ka sipotsi, ndi kagalimoto wamba kamene ndinangokamata zomata m'mbali. Ine ndimati munthu amene sanagwirepo chiwongolero asamaweruze nkhani za injini. Iwo amati munthu amene amanyamula matumba a mpunga kumpando wakumbuyo asamatchule n'komwe mawu oti sipotsi. Nkhaniyi sitinaimalizebe.)

Chaka chimenecho, mpunga utakololedwa, fumbi litayamba, mng'ono wa akazi anga, Zainabu, ankakwatiwa. Kalekale anali atandiuza kuti, "Alamu, tsiku langa mudzandinyamula ndinu," ndipo ine ndinali nditagula kale maliboni. Kenako kunafika achimwene awo aakulu, alamu anga a Yusufu, kuchokera ku Joni. Iwowa kumeneko amawongola magalimoto ochita ngozi, ndiye anapeza chigalimoto cha ku America chophwanyika n'kuchikonza okha mpaka kuwala. Chakuda bii, mizere yoyera paboneti. Akachiliza kwathu kuno, anthu a ku Malosa ankayang'ana kumwamba kuti mwina mvula yafulumira.

Kuyambira tsiku limenelo kagalimoto kanga kanasanduka njinga. Anthu ankakatsamira pojambula chigalimoto chija. Zainabu naye ndinamuona akuchizungulira, akusisita chitseko chake pang'onopang'ono.

Masana ena tinali pabwalo pa apongozi anga, Che Amidu, tikumwa thobwa. A Yusufu anadzuka, n'kugogoda denga la kagalimoto kanga ndi chala.

"Alamu, kameneka mumakathira petulo, kapena mumakapukusa kumsana ngati chidole?"

Anthu anaseka. Ine ndinameza thobwa kaye.

"Alamu, galimoto si phokoso," ndinatero. "Chanu chija n'chabwino pamsewu wowongoka basi. Pakona chimavina."

"Chimavina?"

"Manganje enieni."

"Iii, bambo a Halima, khalani chete," anandinong'oneza akazi anga, akunditsina pantchafu. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo a Yusufu anali atavula magalasi awo akuda.

"Mukudziwa kuti injini yanga imodzi mungatulukemo tanu timeneti tingati?"

"Nanga mukudziwa kuti chanucho chikulemera ngati ngolo ya njerwa?"

Zainabu ndi amene anathira mafuta pamoto. Anaomba m'manja, akuseka. "Musakangane, achimwene. Musakangane, alamu. Bwalo la mpira lili apo. Galimoto imene ipambane ndi imene indinyamule Lamlungu."

Apongozi, munthu wamkulu wosalankhulalankhula, anatiyang'ana tonse awiri, wina ndi ndevu, mnzake ndi ndevu. "Anthu akuluakulu ndithu," anatero, n'kupukusa mutu, n'kulowa m'nyumba.

Bwalo la mpiralo linachita malire ndi pakhomo pa apongozi. Golo ina ili kutali, chakumunda, ina ili pafupi, kuseri kwa khomo lawo. Mbiri inathamanga kuposa magalimoto athu, moti dzuwa lisanapendeke anthu anali atadzaza. Tinawauza kuti onse akaime tsidya la ngalande, ana agwiridwe pamkono, mbuzi zimangidwe. A Yusufu anati tiyambe ndi chapafupi: kuchoka golo iyi kukafika golo iyo.

Apa ndisanameyi, anandichapa. Mayi a Halima atangogwetsa mpango, chigalimoto chija chinabangula, n'kufukula dothi ngati nkhumba, n'kuzimirira. Pamene ine ndimalowetsa giya yachiwiri, iwo anali atafika, atatsika, akupukuta magalasi. Ndinafika kumeneko nditadya fumbi lonse la dera lathu la Malemia, mano akuchita kukukuta mchenga. Anthu tsidya lija anali kugubuduka ndi phwete. Ndinamva wina akukuwa kuti, "Bwanji mungotsika muthamange wapansi, achimwene!"

"Mwakhuta, alamu?" anafunsa a Yusufu.

"Umenewu si mpikisano," ndinatero, ndikulavula dothi. "Kuponda moto pamalo owongoka ngakhale agogo atha. Mpikisano weniweni umakhala ndi makona."

"Ikani makona anuwo. Ikani ambiri."

Ndiye ndinawaika. Tinagwirizana kuti tichokera pagolo yapafupi, tikazungulira chulu chimene chili kumapeto kwa bwalo, tidutsa pakati pa mitengo iwiri ya mango, tikakhota pamjigo, kenako tibwerera n'kulowa m'golo momwe tinayambira. Kuti zikhale ngati za pafoni zija, ndinapempha kuti tikangonyamuka amange chitenje pakati pa mitengo ya golo, wopambana adzachidule ndi galimoto. (Maganizo amenewa anali anga. Ndikubwereza kuti anali anga, chifukwa akazi anga amakonda kundikumbutsa.)

Ndinakhala pachiwongolero. Ndinaganiza za maliboni anga ali m'pepala lapulasitiki pansi pa mpando. Ndinaganiza za Lamlungu, ine ndikutsatira m'mbuyo nditanyamula mapoto ndi azakhali. Ndinati bisimila, n'kumanga lamba.

Mpango unagwa. Monga poyamba, a Yusufu anandisiya ngati ndaima. Koma ulendo uno sindinatekeseke, maso anga anali pachulu. Iwo anafika pamenepo ndi liwiro lonse, n'kuponda buleki mochedwa. Ndinaona matako a chigalimoto chija akutuluka panja pang'onopang'ono, ngati mayi wonenepa akutembenuka pamphasa, mpaka chinakalowa m'ziputu za chimanga. Ine ndinaponda buleki msanga, monga amachitira azungu anga aja, n'kukhota mokhudza chulu, n'kutulukira kutsogolo. Anthu inu, kukoma kwake! Ndinamva mfuu tsidya la ngalande, ndipo ndinazindikira mawu a mayi a Halima pamwamba pa onse. Munthu yemwe uja amati kagalimoto wamba.

Chisangalalo sichinakhalitse. Kuchoka pachulu kupita kumango ndi powongoka, ndiye bingu lija linandipezanso, n'kundidutsa, a Yusufu atatulutsa mkono pawindo akundibayibitsa. Koma pakati pa mango awiri aja ndi pothina, ndipo chigalimoto chawo n'chotakata ngati khonde. Anachita kuima, kuyeza uku, kuyeza uku, kuopa kukanda penti. Pamene amatulukamo, ine ndinali kale pamsana pawo, ndikuliza hutala ngati minibasi yoitanira anthu.

Tinafika pamjigo limodzi. Tsono amene amadziwa mjigo wa kwathu akudziwa kuti mbali yakumunsi sipauma, madzi otayika amapanga kadambo koterera. Ine ndinkapadziwa, pakuti ndinagwapo ndi njinga. A Yusufu, munthu wa misewu ya phula ya ku Joni, anakhota bwinobwino, kenako ataona golo patsogolo anaponda moto wonse nthawi imodzi. Matayala akumbuyo anazungulira pamodzimodzi, matope anauluka mpaka m'masamba a mango, ndipo chigalimoto chija chinavina. Chinavinadi, abale. Chinazungulira chonse n'kudzaima chitayang'ana kumene chachokera, maso ndi maso ndi ine.

Ndinawaona alamu anga kukamwa kuli yasa. Ndinatsitsa windo, n'kudutsa pambali pawo mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji, alamu!"

Kuchoka apo sindikumbukira bwino ngati ndinkayendetsa kapena ndinkauluka. Anthu ankalumpha, amayi nthungululu, Zainabu akuvina atanyamula nsapato m'manja. Golo inali apo, chitenje chili tambasu. Ndinatulutsa mkono kunja, chibakera m'mwamba, n'kulowa.

Chimene sindinaganizire n'choti chitenje si kaliboni ka papepala. Sichiduka. Mfundo zake zinangomasuka, ndipo chitenje chonse chinadzakuta galasi lakutsogolo. Mwadzidzidzi dziko lonse linasanduka maluwa achikasu. Ndinafuna kuponda buleki, phazi linapeza kilatchi. Ndinafuna kugwira handibuleki, dzanja linayatsa wailesi. Kagalimoto kanapitirira kutsetsereka, ine ndikukuwa ndekha m'katimo, mpaka ndinamva kuti phwa, phwa, phwaaa, ngati ng'ombe yalowa m'munda wa mapira. Apo m'pamene phazi linakumbukira ntchito yake. Ndinaima.

Kunali zii. Nthungululu zija zinali zitatha. Ndinayatsa mawaipa, ndipo anakankha chitenje chija pang'onopang'ono, ngati akutsegula katani.

Paboneti panali mpanda wa udzu, utagona. Patsogolo pa mpandawo panali beseni la madzi. Pafupi ndi beseni, pamwala, panakhala apongozi anga, Che Amidu, thovu la sopo kuyambira kumutu mpaka kumapewa, kapu ili m'manja, maso atatsinzina. Ndinali nditagwetsa bafa. Munthu wamkulu anali kusamba kuti akaswali kumzikiti, ndipo tsopano anali pamtetete, mudzi wonse uli tsidya la ngalande.

Ndikuuzeni, anthu a kwathu ali ndi ulemu. Khamu lonse lija linatembenuka nthawi imodzi n'kuyang'ana kuphiri, ngati phiri la Zomba angoliona kumene tsiku limenelo. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Mkamwini ngakhale kudya ndi apongozi amachita manyazi, nanga izi? Ndinatsika maso ali pansi, n'kukoka chitenje chija, n'kuyenda chobwerera m'mbuyo mkono utatambasuka mpaka ndinamva kuti achilandira.

"Pepani, bambo," ndinatero, nditagwada m'matope a sopo, nkhope itayang'ana kwina. "Pepani kwambiri. Sindinaone. Chitenje chinandiphimba."

Ndinamva akudzithira madzi kumaso, akudzifunda. Ndinadikira mawu ondithamangitsa pamudzi. M'mutu ndinali nditayamba kale kulongedza katundu.

"Akamwini."

"Wawa, bambo."

"Wapambana ndani?"

Ndinaganiza kuti sopo walowa m'makutu mwanga, osati mwawo. "Ndapambana ndine, bambo."

"Yusufu ali kuti?"

"Atitimira pamjigo."

Apongozi anapumira m'mwamba, kupuma kwa munthu amene watula katundu. "Mwachita bwino. Chifikireni chinthu chimenecho, nkhuku zanga zasiya kuikira." Kenako anawonjezera kuti, "Tsopano bwezani galimoto yanuyi pang'onopang'ono. Mwaponda nkhwaira zanga."

Chigalimoto cha alamu tinakachikankha tonse madzulo omwewo, ine ndili kutsogolo kulamula. Atatuluka m'matopemo, a Yusufu anakazungulira kagalimoto kanga, n'kugwada kusuzumira pansi pake, n'kudzuka. "Kali ndi mwano kameneka," anatero, n'kundigwira chanza. M'mawa mwake ndinalawirira kudambo kukamweta udzu, ndipo bafa ndinalimanga ndekha, odutsa akundifunsa ngati ndikuikamo geti ya galimoto.

Lamlungu Zainabu anakwera kagalimoto kofiira, maliboni ali petupetu, boneti ili ndi timizere ta nsungwi tomwe ndinatiphimba ndi maluwa. Ndinayendetsa pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira, hutala osalekeza, kuti aliyense aone bwino. Kumbuyo kwathu, chigalimoto cha ku America chinkatsatira mofatsa, chitanyamula mapoto ndi azakhali. Ndinkachiyang'ana pagalasi pafupipafupi, ndipo sindinalawepo chinthu chokoma chotero.

Mayi a Halima amati phunziro la nkhaniyi n'loti munthu wa ana ake asamachite zachibwana. Ine ndimati phunziro lake n'loti ndinkanena zoona za makona, kungoti pomaliza pazikhala ulusi, osati chitenje. Posachedwapa a Yusufu anaimba foni kuchokera ku Joni, akuti agula matayala atsopano otakata, ndipo akubwera kuti tidzabwereze. Ine ndawauza kuti abwere nawo. Apongozi nawo anazimva zimenezi. M'mawa mwake anayamba kuumba njerwa.