Kathumba Kosalowa Madzi

"Kodi amake Tadala, ntchito ya ku nazale ya tiyi ija munaikaniranji?"

Anandifunsa choncho amake Fatsani, a khomo loyandikana ndi langa, tsiku lina masana ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Anafunsa mwaulemu ndithu, maso ali pa mpeni wanga, ngati munthu amene funso walisunga m'kamwa mpaka layamba kumuwawa. Ine ndinaseka. Ndinati, "Ndiikana bwanji ntchito imene sanandiitanire? Ndikudikirabe foni ya akapitawo." Ndinagwira pachifuwa, pamene pankalendewera foni yangayo, kuti aone kuti ndili tcheru. Iwo sanaseke. Apo m'pamene ndinadziwa kuti chinangwa cha tsiku limenelo sichitsika bwino.

Koma ndiyambire poyambira, kuti mundiseke mwadongosolo.

Ine ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, nyengo ya mvula yokha. Amene anathyolapo akudziwa kuti m'munda wa tiyi mulibe pouma. M'mawa mame amakufika m'chiuno, masana mvula imakupeza dengu lisanadzaze, ndipo palibe amathawa kusiya masamba. Foni yanga yoyamba inafera m'menemo. Ndinaimanga pamfundo ya chitenje, koma pofika kusikelo koyezetsa masamba inali itamwa madzi mpaka kukhuta. Anthu anati ndiikwirire mu mpunga. Mpunga ndinalibe, ndiye ndinaikwirira m'gaga (musandifunse, ndinkati zonse ndi zakudya). Sinadzuke.

Abambo ake Tadala, amene amalongedza tiyi pa fakitale ya esiteti ina kutsidya, anandipezera ina yakale ya mabatani kwa mnzawo ku Khonjeni. Pondipatsa anati, "Iyi ikamwanso madzi, muzikwera pachulu n'kumakuwa. Amene akumva akumva."

Mawu amenewo anandilowa. Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma manja anga sanalekeze. Chinthu chikandivuta ndimakhala nacho pansi mpaka chigonje.

Kufakitale kuli matumba a mapepala okhuthala amene amaikamo tiyi wopita kunja. M'kati mwake muli pepala lonyezimira ngati lata latsopano. Ong'ambika amawapatsa antchito, ndipo ife timatsekera podontha padenga kapena kuyala poyanika nandolo. Tsiku lina ndikuona madzi akutsetsereka papepala lonyezimiralo osalowa, nzeru inandibwerera. Ndinalidula, n'kuliphatikiza kawiri kuti lilimbe, n'kupinda kathumba kokwana foni. Kunja ndinakuta ndi kachidutswa ka chitenje cha pachinkhoswe changa. Kukamwa kwake ndinasiya lilime lalitali loti uzipindapinda ngati ukutseka pepala la mchere, ndi chingwe chokolekera m'khosi.

Ndinakayesanso, chifukwa ine si munthu wochita zinthu mwachimbulimbuli. Ndinaikamo machesi, n'kuviika m'ndowa. Machesi anatuluka ouma gwa, anayaka kamodzi. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Kumunda kathumbako kanatchuka. Amayi ankakagwira n'kumati, "Izi ndiye nzeru, osati timapauchi ta kumsika tong'ambika sabata yomweyo." Apongozi anga atakaona anangoti, "Chabwino chimayamba kwa akulu," ndiye kunja kusanade ndinali nditawasokera kawo. Amake Fatsani ndinawauzanso kuti abweretse kansalu ndiwapangire. Foni yawo ndi yomvetsa chisoni, chivindikiro chakumbuyo chimagwidwa ndi mphira. Anakana. Anati, "Yanga inazolowera kuyenda maliseche, mukaiveka idwala." Mumtima ndinawamvera chifundo.

Kuyambira pamenepo foni yanga inakhala yaulemu kwambiri. Sinkalira kumunda, sinkalira kutchalitchi, sinkadzutsa mwana. Ine ndinkangoti anthu atanganidwa ndi kupalira.

Woyamba kudandaula anali abambo ake Tadala. Anafika madzulo nkhope ili gwa.

"Foni mumazimitsiranji masana?"

"Sindizimitsa."

"Ndaimba nthawi yopuma, akuti simukupezeka. Dzulonso. Mumakhala kuti kumene kulibe netiweki?"

Ndinamasula kathumba, n'kuitulutsa foni. Inayamba yaganiza kaye pang'ono ngati munthu wodzutsidwa kutulo, kenako timizere ta netiweki tonse tinaima njo. Ndinawaonetsa. "Onani nokha. Mwina yanuyo ndi imene yakalamba." Anaimba pomwepo, foni ili m'manja mwanga, inalira bwinobwino. Anakanda mutu n'kupepesa. Ine ndinawakhululukira ndi mtima wonse (taganizani, ndinawakhululukira ine).

Apa m'pamene panagona tsoka langa. Nthawi iliyonse imene ndinkafuna kuona ngati foni ili bwino, ndinkaitulutsa. Ndikaitulutsa inkakhala bwino. Ndikakhutira, ndinkaibwezeramo n'kupinda lilime lija mosamala. Zinali ngati kutsegula chitseko kuti uone ngati m'nyumba muli mdima.

Zizindikiro zinalipo, sindinama. Ndikangoitulutsa pankagwa timauthenga tachizungu totsatizana. Ndinkati ndi aja amakunyengerera kuti ugule nyimbo yoti anthu azimva akakuimbira, ndiye ndinkafufuta osawerenga. Batire nalonso linkatha msanga, foni n'kumafunda ngati dzira lotsika m'nkhuku. Mlandu umenewo ndinaupereka kwa bambo wotchaja mafoni pagolosale. Ndinawauza kuti moto wawo ndi wosungunula, ndipo ndinasamukira kwa wina.

Apongozi nawo anayamba kufota. Mwana wawo wamkazi, alamu anga a ku Limbe, ankawaimbira pafupipafupi, koma tsopano kunali zii.

"Ndinabereka miyala ine," ankatero. "Munthu akalawa buledi wa m'tauni amaiwala bere."

Ine monga mkamwana wabwino ndinawatonthoza. Ndinati vuto ndi dera lathu lotsika, tiyeni tizikakhala pachulu paja pamagwira netiweki. Ndiye madzulo ena mukanadutsa mukanationa, ine ndi apongozi tili pamwamba pa chulu, Tadala ali kumsana, aliyense kathumba kake kali pamiyendo, kotseka bwino kuopa mame. Tinkakhala mpaka udzudzu utithamangitse. Potsika apongozi ankapukusa mutu n'kunena mawu ena a Chilomwe okhudza alamu anga, amene sindingalembe pano.

Mvula itayamba kudula, masamba anachepa, ndipo tonse tinadziwa kuti ntchito yothyola yatsala pang'ono kutha. Miyezi yachisanu ndi yowawa kwa ife a nyengo imodzi. Umakhala pakhomo kudikira mvula ina, kapena kuyendayenda kufuna ganyu. Koma pali anthu ochepa amene amatengedwa kupita ku nazale, kumene amafesa mbande za tiyi. Ntchito yake ndi yothira dothi m'machubu ndi kuthirira, pamthunzi, ndipo kuchoka kwathu ndi pafupi moti ukhoza kuthamangira kukayamwitsa. Kwa mayi wa mwana wamng'ono palibenso ina yoposa imeneyo.

Tsiku lotsiriza kusikelo, akapitawo athu a Namakhwa anandiitanira pambali.

"Amake mwana, inu manja anu ndi osamala. Ku nazale ndikufunako anthu ngati inu. Abwana akangovomera ndikuimbirani. Koma foni izikhala yoyatsa, mwamva? Ine sindithamangitsa munthu. Wosayankha ndimadumpha."

"Musadandaule akapitawo," ndinatero, ndikusisita kathumba. "Foni yanga ndimaisamala kuposa wina aliyense pano."

Ndipo ndinaisamaladi. Chiperoni chinali chitayamba, kamvula kaja kosamveka kugwa koma konyowetsa mpaka mafupa, ndiye lilime la kathumba ndinkalipinda mowonjezera. Ndinasiya kuitulutsatulutsa kuti batire lisathe akapitawo asanaimbe. Ndinkagona nayo, ndinkapita nayo kudambo, posamba ndinkaikoleka pa udzu wa bafa pafupi ndi khutu.

Masiku anapita. Ndinaona amake Fatsani ayamba kulawira m'mamawa, kubwera madzulo zala zili ndi dothi lakuda la ku nazale. Ndinawafunira mafuno abwino. Ndinkati akuitana pang'onopang'ono, gulu langa likubwera. Abambo ake Tadala anati, "Bwanji osangopita kukafunsa?" Ndinawayankha kuti munthu wamkulu akanena kuti akuimbira, sumulondola ngati nkhuku yoona lichero. Ine ndinakulira pa kalongonda, nyemba zimene umaziphika tsiku lonse n'kumataya madzi, ukapupuluma zimakuledzeretsa. Kudikira sindikuopa. (Lero ndikudziwa kuti kalongonda amapsa chifukwa pansi pali moto. Ine ndinkadikira mphika wa pa mafuwa ozizira.)

Ndiye tabwerera pakhonde paja, chinangwa chili m'manja.

Amake Fatsani anakhala pansi pamphasa. Anati, "Lero akapitawo andiuza kuti malo ndili inewa anali anu. Akuti anakuimbirani mpaka chala kuwawa. Akuti, mnzanu uja ndi wonyada, akanangonena kuti sakufuna m'malo mondizimitsira foni."

"Kuzimitsa? Ine?"

Ndinaitulutsa. Inaganiza pang'ono, timizere tinaima. "Si iyi? Imbani muone." Anaimba, inalira. Ndinaibwezera m'kathumba, n'kupinda, n'kuiika pamphasa pakati pathu. Mtima unali utayamba kuwira, ndikukonza mawu okawauza a Namakhwa.

Amake Fatsani anayang'anitsitsa kathumbako. Kenako anati, "Tadikirani. Musakagwire."

Anaimbanso, n'kundiika foni yawo ya mphira ija pakhutu. Ndinamva mayi uja wa m'foni akunena modekha kuti nambala imene mwaimbayi sikupezeka.

"Sikupezeka bwanji?" ndinamukalipira mayiyo. "Si iyi ili apayi?"

Tinaitulutsa, inalira. Tinaibwezera, zii. Tinasiya kukamwa kotsegula, inalira monyinyirika. Tinapinda lilime, zii. Tinachita zimenezi mobwerezabwereza ngati ana aona chidole, mpaka Tadala anayamba kuwomba m'manja foni ikalira. Amake Fatsani anayesetsa kudzigwira, mapewa okha akugwedezeka, koma pamapeto pake anagwa chammbali pamphasa.

"Mayo ine, amake Tadala! Munaisokera bokosi la maliro, n'kumaiyendera nayo pachifuwa!"

Atatha kupukuta misozi anandigwira dzanja. "Pepani mnzanga. Ine sindinkadziwa kuti ndikudya mbale yanu." Ndinawauza kuti alibe mlandu. Foni yawo yamaliseche inayankha, yanga yovala bwino inali m'tulo.

Madzulo ndinawafotokozera abambo ake Tadala. Sanakalipe. Anatenga kathumbako, n'kukatembenuza, n'kuona pepala lonyezimira lija.

"Amake mwana, pepala ili analipanga kuti m'thumba la tiyi musalowe chinyezi, musalowe fungo, musalowe ngakhale kuwala. Tiyi amawoloka nyanja osadziwa kuti kunja kukuchitika chiyani. Ndiye mumati netiweki ilowera pati?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ine ndinkaona chitenje chokha. Komanso paja munati yokalamba ndi yanga."

Kwa apongozi ndinapita ndekha, nditanyamula nkhuku yopepesera, tambala wanga. Titangoitulutsa foni yawo m'kathumba, sipanapite nthawi, inalira. Anali alamu anga a ku Limbe, akulira kuti amayi muli moyo kodi, ndimafuna ndikwere basi mawa. Apongozi anayankhula nawo mokoma, mwana wanga, mwana wanga. Atamaliza anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mawu onse aja ndinanena pachulu paja, Mulungu akawalembe pa dzina lanu." Nkhuku analandira.

M'mawa mwake ndinabereka Tadala n'kupita ku nazale. A Namakhwa anandilandira mozizira, koma nditawapempha kuti aimbe foni ili m'kathumba, kenako ili kunja, nkhope inamasuka. Anaitana anthu onse kuti asiye machubu adzaone. Ndinachita chionetsero changa pamaso pa gulu, ine mwini nzeru.

"Ndakumvani amake mwana," anatero akupukuta m'maso. "Si kunyada, ndaona. Koma malo adzaza, sindingachotse munthu woti wayamba kale. Tidzaonane chaka chamawa." Kenako anatsitsa mawu. "Koma kathumba kameneka... simungandisokere kanga? Abwana amakonda kundiimbira Lamulungu."

Ndinawasokera, ndipo ndinaphatikiza pepala mowolowa manja kuti adzandikumbukire. Ndinakapereka ndekha. Pobwerera, ndili pakati pa minda ya tiyi, m'pamene zinandifikira kuti chaka chamawa ndikadzafuna kuwakumbutsa lonjezo lawo, ndidzawaimbira pa foni iti.

Foni yanga masiku ano imakhala m'kajumbo koonekera, komanga ndi mphira imene anandigawira amake Fatsani. Imalira mpaka kutopetsa. Kathumba kaja ndimasungiramo machesi, ndipo chiperoni chonse chino sanalephereko kuyaka.

Ndikawerengera zimene zinapita, ndi izi: ntchito ya pamthunzi ya miyezi yonse yachisanu, tambala wanga mmodzi yekhayo, chitenje cha pachinkhoswe chimene tsopano chili ndi mabowo atatu, ndi bambo wotchaja mafoni amene mpaka lero sandiyankha moni. Foni yokha ndiyo sinanyowe.