Miyendo Isanu ndi Umodzi ya Tombolombo

Pulani inabadwa pa botolo lachinayi, Lachisanu masana, ndipo mwini wake anali Jenerale, munthu amene sanapondepo ku usilikali koma ankayenda ngati ali pa perete.

"Aise, tcherani khutu," anatero. "Mlamu wanga amakolopa ku labotale ya ku yunivesite. Akuti muli firiji ya maloko awiri. Magetsi atazima tsiku lina, mayi dokotala wa mmenemo anagwetsa misozi. Munthu wophunzira kulirira firiji! Mukuganiza muli tomato?"

"Golide," anatero Kachala, katswiri wa maloko, amene zala zake sizinkadutsa chinthu chonyezimira osachipatsa moni.

"Kaya golide, kaya mankhwala a mabwana, ife tinyamula ndi firiji yomwe. Dilu yatha."

Mphwayi, dalaivala wa gululi, anavomera ndi mutu chifukwa kutsutsa kumatopetsa.

Ndikuuzeni ine zomwe zinali mufirijimo, poti akuluakuluwa sanafunse. Dokotala uja anatha zaka khumi ndi chimodzi akuponda matope m'madambo ndi kaukonde, kugwira atombolombo aang'ono opyapyala aja, amene amapinda mapiko akatera. Tombolombo aliyense ankamudula mwendo n'kuuika m'kabotolo. M'mwendomo ankawerengamo DNA, chibadwa cholembedwa m'thupi, kuti adziwe mtundu uti ndi mbale wa uti, ndi uti unapatukana ndi unzake kalekale. Ena amafanana ngati mapasa koma chibale palibe. Miyendoyo ikangofunda, zolembedwazo zimawonongeka, ndipo zaka zonse zija zimapita nazo.

Loweruka cha m'ma teni, atatuwo anafika atavala maovolosi a okonza mafiriji. Mlonda wa pageti anachita kuwalozera njira. Jenerale anatupa, mapewa m'mwamba.

Chingwe cha firiji chinali cholowa m'khoma, ndiye anangochidula. Firiji inayamba kukuwa ngati mbuzi yokodwa. Anakankha atatu, osasuntha. Kachala anagonjetsa maloko onse awiri, chitseko n'kutseguka, nthunzi yoyera n'kuwakwera kumaso. Mkatimo munali mabokosi okhaokha, m'mabokosimo timabotolo, m'kabotolo kalikonse kanthu kakuda kopindika.

"Bwana, si tsitsi ili?" anafunsa Mphwayi.

"Chitsiru iwe, zinthu zodula zimakhala zazing'ono." Jenerale anasankha bokosi lolembedwa ndi inki yofiira n'kulilowetsa pachifuwa, mkati mwa ovolosi. Linamuluma ndi kuzizira, koma mkulu wa gulu salira pamaso pa anthu ake.

Chomwe mlamu uja sanatchule n'chakuti firijiyo ikafunda imatumiza uthenga pa foni ya dokotala. Dokotala anatulukira pakhomo ali wefuwefu, atavala patapata, tsitsi loluka mbali imodzi. Anayang'ana chingwe chodulidwa, anayang'ana maloko ali pansi, anayang'ana nkhope zitatu. Zonse anazimvetsa. Koma anali yekha, ndipo apa panali manja asanu ndi limodzi.

"Amisiri, mwafika nthawi yabwino! Mabokosi onsewa apite m'chipinda chozizira, nsanjika yachitatu. Thamangani!"

Chikepe sichinkayenda pa Loweruka. Anakwera masitepe, anatsika, anakweranso, dokotala ali pambuyo pawo kukalipa. "Osapendeketsa! Iwe wamtaliwe, tseka chitseko, kuzizira kukutuluka!"

"Bwana, tithawe," ananong'ona Kachala pa ulendo wachisanu ndi chiwiri.

"Tikathawa adziwa kuti ndife akuba. Nyamula."

Ndikunenetsa, anthuwa sanagwirepo ntchito yotere chibadwire. Mphwayi anatuluka thukuta lomwe mayi ake sanalionepo.

Pa ulendo womaliza analowa onse atatu m'chipinda chija, chomwe kwenikweni ndi chifiriji cholowamo munthu. Kachala mtima unamuwawa kuti tsiku lonse atuluke chimanjamanja. Anaona chogwirira chamkati cha chitseko chikunyezimira, anachimasula msangamsanga n'kuchiponya m'thumba. Mphwayi naye, amene tsopano anali ataphunzira mwambo wa pamalopo, anakankha chitseko ndi phazi kuti kuzizira kusatuluke. Chinangoti khu!

Anagogoda, anakuwa, anatukwanizana mpaka kwa azigogo awo. Patapita mphindi zingapo nkhope ya dokotala inaonekera pa kagalasi ka pachitseko, kumbuyo kwake kuli apolisi awiri.

"Bokosi la inki yofiira lili kuti?"

Jenerale mano ali gwegwegwe, anayesabe ukatswiri. "Mayi, tikambirane ngati anthu akuluakulu. Amagula ndani zimenezi?"

"Palibe angagule."

"Nanga maloko awiri?"

Apa dokotala anafotokoza, ndipo kunena zoona ine ndinamumvera chisoni. "Dambo lomwe ndinagwiramo atombolombo amenewo analikwirira, pano amaimikapo magalimoto. Ndabwererako zaka zinayi, sindinaonenso ngakhale mmodzi. Mtundu wonsewo watsala miyendo isanu ndi umodzi, ndipo sindinawerengebe kuti abale ake ndani. Bambo, chonde."

Jenerale anamasula mabatani pang'onopang'ono. Chitseko chitatsegulidwa, dokotala sanayang'ane munthu. Analanda bokosi, analitsegula, anapeza chisanu chikadali m'makona, n'kukhala pansi pomwepo kulira. Pachifuwa pa Jenerale panali chidindo chofiira cha ngodya zinayi.

Ku polisi, wapolisi wa pakauntala ananyowetsa chala, anatsegula buku, anafunsa katundu wobedwa kuti alembe.

"Miyendo ya tombolombo isanu ndi umodzi," anayankha mnzake, "ndi chogwirira chitseko."

Wapakauntala anaika cholembera pansi, anapempha kuti amudikire, n'kutuluka panja. Kuseka kwake kunamveka mpaka m'chitokosi.