Dona Armanda Ananyamula Munthu wa Boma

Ku Mongue aliyense ankadziwa kuti Dona Armanda sakhulupirira chinthu asanachinyamule. Mbuzi ya malonda ankayikweza m'mwamba ngati kamwana. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, ankamugwira m'khwapa n'kumutukula.

"Uyu ndi mankhusu okhaokha," ankatero pomutsitsa. "Akadye kaye."

Amati pobwerera kwawo nkhondo itatha, anaoloka mtsinje wa Ruo atasenza mtondo pamutu, amuna awo a Julião ali kumsana.

Boma litakumbitsa maiwe a nsomba m'dambo, Dona Armanda ndiwo ankatsogolera amayi odyetsa makumba madeya. Patapita zaka, kunafika Gelson, mnyamata woonda wochokera ku Kelimane, kudzaona ngati ndalama zimene boma linathira m'maiwemo zinabala kanthu. Atayendera msika, anakhala pansi pa mtengo nkhope ili gwa.

"Mayi, nsomba zogulitsidwa n'zochepa kwambiri. Ndikakanena zimenezi, thandizo litha. Ana a nsomba sabweranso."

Maiwe amenewo Dona Armanda anawakumba ndi manja awo omwe.

"Mwafufuza kumsika kokha, mwanangu?"

"Nanga nsomba zimapita kuti?"

Dona Armanda anakuwa kamodzi, ana a m'mudzi wonse n'kutulukira ngati ngumbi. Anagwira mdzukulu wawo Nelito n'kumuponya m'manja mwa mlendoyo. Gelson anadzandira mpaka chipewa chinagwa.

"Ameneyo kale mphepo inkamutenga pamodzi ndi zochapa. Makumba anu ali m'menemo! Gwiraninso uyu. Ndi uyu."

"Basi, mayi, msana!"

"Tsopano tiyese inu."

Asanathawe, Gelson anapezeka ali m'mwamba, nsapato zikupalasa mphepo. Dona Armanda anamugwedeza pang'ono, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Kalanga ine! Boma limakudyetsani mwezi ndi mwezi, phindu lake n'limeneli? Chitukuko cholephera ndinu, osati dziwe langa."

Anthu anagwa chagada ndi kuseka. Gelson naye anaseka mpaka misozi, ali m'mwamba momwemo.

M'mawa mwake anakabwereka sikelo ku chipatala, nakhala sabata yonse akuyeza ana ndi kufunsa khomo ndi khomo zimene anthu amadya. Anabwerera ku Kelimane malaya akumuthina. Mvula isanagwe, galimoto inabweretsa ana a nsomba atsopano ndi makasu okumbira maiwe ena. Tsiku limenelo Dona Armanda anavina mpaka fumbi linakwirira tchalitchi, ndipo dalaivala anadzitsekera m'galimoto kuopa kuyesedwa.

Dona Armanda anatisiya chaka chatha, nthawi yokolola. Maiwe alipo, nsomba zikuswana, amayi akudyetsabe m'mawa uliwonse. Koma akakowa tsopano amatera m'mphepete mwa madzi mosatekeseka, n'kumasankha nsomba ngati ali pamsika. Amayi amayesa kuwakuwiza, koma mawu awo safika tsidya linalo ngati a Dona Armanda, ndipo mbalamezo sizitembenuka n'komwe.