Nyemba ya m'mphuno mwa Tadala

Mpaka lero ndikaona nyemba m'mbale, mphuno imandiyabwa, maso amathamangira kukhomo.

Sukulu ndinalekera Fomu 3 (musandifunse chifukwa, simunandilipirirepo fizi). Nditatopa ndi kukhala pakhonde la shopu ya eni ake ku Chinsapo, Mayi Gondwe a kutchalitchi kwathu anandilemba ntchito pa kasukulu kawo ka mkombaphala, kuseri kwa nyumba yawo.

"Osawakalipira anawa," anatero. "Masiku ano mwana amaphunzira akusewera. Uwapangire gemu."

Kuleza mtima ndilibe, koma njala ndili nayo. Ndinatapa nyemba kukhitchini kwawo n'kuyambitsa gemu yowerenga. Ndikatchula nambala, mwana aliyense aponye m'kapu nyemba zokwana nambalayo, ndipo wopambana timuombere m'manja. Zinayenda bwino moti ndinayamba kudziona ngati hedimasitala.

Kenako kamtsikana kena kanandikoka thalauza.

"Ankolo, Tadala wabisa nyemba yake."

"Wabisa kuti?"

"M'mphuno."

Tadala ameneyu bambo ake ndi abutcha apamsika, munthu wothyola fupa la ng'ombe ndi nkhwangwa kwinaku akuyankha foni. Ndiwo ankabwera kudzamutenga masana, apuloni ya magazi ili m'khosi. Mayi Gondwe anali atapita kumaliro, ndipo dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo.

Ndinasuzumira. Nyemba inalimo, ikundiyang'ana.

"Mina, iwe! Mina!"

Tadala anakokera m'kati. Ndinayesa kuitulutsa ndi kamtengo ka machesi, nyemba n'kulowereratu, mwana n'kuyamba kukuwa. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti nyemba ikanyowa imafufuma. Ndinayamba kuganizira achibale okhala kutali kwambiri ndi Lilongwe.

Ndinathamangira kwa a Chisale, bambo oyandikana nafe, amene sasiyana ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno.

"Mwana wa abutcha aja?" anafunsa monong'ona. "Tenga, koma dzina langa lisamveke."

Nditabwerera, ndinamununkhitsa mwanayo pang'ono chabe. Tadala anayetsemula koopsa, nyemba inauluka n'kukamenya bolodi. Ana onse anaomba m'manja (lamulo la gemu analigwira bwino). Kuti atonthole, ndinamupatsa switi wa kamtengo amene ndinadzisungira m'thumba.

Geti linalira. Abutcha.

"Aphunzitsi, maso a mwanayu afiira chifukwa chiyani?"

"Wa... wapambana gemu, bambo. Ndi chimwemwe."

Anamwetulira, nanenso mtima unayamba kubwerera m'malo. Koma kumbuyo kwanga kunali zii, ndipo ana akakhala chete pamakhala pali kanthu. Ndinacheuka. Ana anayi anali atafola mzere, mitu chagada, mphuno zitatukuka.

"Ankolo, ifenso tabisa. Switi wathu?"

"Mwabisa chiyani?" anafunsa abutcha, kumwetulira kutazima.

Tadala anachotsa switi m'kamwa n'kufotokoza zonse: nyemba, machesi, fodya, mpaka dzina la a Chisale. Mwana amene ankalephera kuwerenga mpaka faifi sanadumphe kanthu.

Mpanda wa Mayi Gondwe ndi wautali, koma sindikumbukira kuti ndinaukhudza poulumpha. Ndinamva pambuyo pake kuti anayi aja anawatengera kuchipatala pa kabaza ndipo nyemba zonse zinatuluka. Ntchito inathera pomwepo, nyama ndinasiya kudya, pamsika ndimadzera kuseri.

Komabe Mayi Gondwe sananame. Masewera amalimbikitsadi ana. Ine kungopereka switi mmodzi, kalasi yonse inafuna kukhoza.