Thovu la Delele Limene Linaphimba Lusaka

Amene akuti ndikunama anyamuke pompano, akwere minibasi ya ku Chelstone akafunse aliyense amene anali ndi maso zaka zimenezo, chifukwa ine Lazaro Phiri wa muno mu Kabwata sindikometsera nkhani. Mumandiona ndikukonza mapampu a madzi n'kumayesa kuti ndinaphunzirira m'mphepete mwa msewu, simudziwa kuti ndinakhalapo pa yunivesite, kuphunzira uinjiniya wa makemikolo, maphunziro amene ankameretsa munthu imvi asanamere ndevu.

Matenda anga anali kufunsa. Anzanga ankaloweza masamu a kutentha ndi a kayendedwe ka madzi m'mapaipi, ine ndinkangofuna kudziwa chimene chimaphulitsa thovu. Mphunzitsi wathu, ba Dokota Mwanza, munthu wamfupi wosaseka, anati khungu la thovu limapyapyala madzi ake akamatsika, mpaka kung'ambika. Ndinawafunsa kuti nanga madziwo atalephera kutsika zingathe bwanji. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundikumbutsa kuti ntchito yopanga sopo mu labu ndiyo yotsekera chaka chachitatu, ndipo ndikaiphonya ndibwerera kwathu, kumene amayi anga, okazinga vitumbuwa ku City Market, anali atalengeza kale kumpingo kuti akulera injiniya.

Funsolo silinandichoke. Tsiku lina ndikudya delele ndinaona mmene linkalendera m'zala osafuna kugwa, ndinapeza choti ndiyese. Tsiku la labu, anzanga atathira mafuta a mpendadzuwa ndi kositiki soda m'thanki yotenthetsera, ine ndinawonjezeramo kapu ya delele losefa, kungofuna kuona chabe, ndi kuyatsa makina otakasira.

Mukumva? Thovu linatukula chivundikiro, linadzaza labu, linatulukira m'mawindo, linatsetsereka mumsewu waukulu wa kum'mawa likukula ngati mtambo wa mvula, linameza Kaunda Square, linakafika ku Chelstone mpaka thanki yamadzi yaitali ya kumeneko inangotsala kansonga, ndipo linkachapa chilichonse chimene lakhudza, moti maminibasi anasuluka utoto, makondakitala anayera makolala koyamba chibadwire, ku Kabulonga agalu akuda anasanduka oyera mpaka eni ake anawatsekera kunja kwa mageti akuti si awo. Ku Woodlands kuli mayi wina amene thovu linamuchotsera mawanga a nkhanga zake, mpaka lero amaweta mbalame zimene sadziwa dzina lake.

Ba Dokota Mwanza ndinawapeza atakwera pa tebulo, mutu wokha ukuoneka. Sanakuwe. Anangoti, "Phiri, wayambitsa wekha. Manje zimitsa, apo ayi usakabwelenso pano."

Ndisananene kanthu, thovu limodzi lalikulu ngati tchalitchi linandikuta n'kutuluka nane pakhomo, mphepo inatitenga m'mwamba, ine ndili m'kati ndikuwongolera ndi jasi langa loyera la mu labu ngati thanga la bwato. Mantha ndinalibe, ndikulumbira, chidwi chokha. Ndinagwira khungu lake, ndinaligogoda, ndinalinyambita, ndinaona mitundu ikuyendayenda mmenemo osatsika ayi, ndipo ndinadziwa kuti funso langa layankhidwa: madzi akapanda kutsika, thovu silifa. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira phunziro lina limene ndinalimva ndikusinza, lakuti mafuta akagwera pa khungu la thovu amayala n'kuliboola.

Ndinakhotetsa jasi kulunjika m'tauni, ndinadutsa pamwamba pa dera la Roma ndikupatsana moni ndi akhwangwala, ndinakatera pakati pa City Market, pafupi ndi chiwaya cha amayi. Thovu langa litangokhudza mafuta awo linaphulika, ine n'kugwera mu dengu la tomato osaphwanya ngakhale imodzi. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bwanji, ba injiniya? Ndiye sukulu yamene tikutumilani iyi?"

Ndinawafotokozera mwachidule, iwo anaitana anzawo onse okazinga vitumbuwa, matchipisi ndi soseji, tinatsanulira mafuta otsala m'ziwaya mu mgolo umodzi, ndinaunyamula ndekha paphewa, ndinakwera nawo nyumba yaitali kuposa zonse m'tauni, n'kuwawaza ndi tsache mbali zonse zinayi. Mukundimva bwino? Thovu linafa ndi mkokomo umene achibale athu ku Chipata anaumva n'kuthamangira kukaanula zovala, ndipo litatha Lusaka yense anali mbee, kunyezimira, ntchentche zikuterereka pa makoma n'kuthyoka miyendo.

Ba Dokota Mwanza anandipambanitsa, anangondipempha kuti ndisadzabwerenso ndi ndiwo mu labu. Chaka chomaliza ndinachimaliza bwinobwino, amayi anavala chitenje chatsopano kubwera ku mwambo wolandira madigiri, anaimba nthungululu dzina langa litatchulidwa. Koma sopo uja anali atandilowa m'khungu, moti nditangolandira pepala langa, zilembo zonse zinaterereka n'kugwera pansi ngati nyerere, dzina langa, dzina la sukulu, ndi chidindo chomwe.

Pepalalo lilipo, ndinaliika m'galasi, lili pakhoma kwanga. Wokayika abwere adzalione yekha. Ndi loyera mbee, lopanda kadontho ngakhale kamodzi, ndiye mundiuze inuyo ngati pali sopo wina mu Zambia muno amene angachape chonchi.